Shuga wa M'sewero la Kenias

Tsiku lomwe a Joachim anakwera padenga la holo ya m'komboni kukakonza mlongoti wa TV, buluku lawo linakodwa pamsomali n'kung'ambika kuyambira m'chiuno mpaka m'bondo, amayi a Chipositoli akudutsa atavala zoyera zawo. Anatsika atadziphimba ndi chipewa, koma funso lawo loyamba linali lakuti, "Chithunzi chabwera?"

Ndiwo a Joachim amenewo. Anabadwira ku Milanje m'dziko la Mozambiki, n'kukalambira pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Chipinge ku Zimbabwe, akusonkha moto woumitsira masamba kufakitale. Mowa sankamwa, mpira sankaudziwa. Matenda awo anali Kenias Dzvuke, mlembi wa masewero a pa TV ku Harare, munthu amene sanamuonepo ndi maso. Sewero la Kenias likatha, iwo ankakhala pakhonde ndi kope la ana asukulu n'kuliweruza: apa wakhoza, apa wathamanga, apa mkazi wamasiye waleka kulira msanga. Pofika 2008 makope anali khumi ndi limodzi, ndipo owerenga ake anali mphemvu zokha.

Chaka chimenecho cholembera chinali choopsa kuposa chikwanje. Mu Juni, chisankho chachibwereza chili pafupi, amuna achipani cholamula anafika masanasana atanyamula ndodo. Wina anali atawatsina khutu kuti mkulu wa ku Mozambiki uja amalemba tsiku ndi tsiku, ndiye ayenera kuti amatumiza nkhani kunja. Wowatsogolera anali Edmore, yemwe a Joachim ankamudziwa kuyambira akuyenda wopanda kabudula. Tsopano ankavala magalasi akuda.

Makope anawaunjika pabwalo, mmodzi wa iwo akugwedeza bokosi la machesi. Anthu a m'komboni anaima chapatali, madengu a tiyi ali kumsana.

Edmore anatola kope latsopano n'kulitsegula, n'kuwaitana m'Chishona monga aitanira agogo. "Sekuru, werengani. Mokweza. Ine ndikutsatira ndi chala."

A Joachim anayamba kuwerenga. "Kale Kenias ankadziwa mmene mmphawi amakhalira pampando wa kwa bwana, chakunsonga, ngati mpandowo ukuotcha..."

Apo anaima, chifukwa anaona zimene zinali kutsogolo. Anatsokomola. Anapukuta maso. Chala cha Edmore chinali chitafika kale pamzerewo, chikudikira. Ndipo, tinene zoona, mzerewo ndi umene ankaunyadira koposa m'makope onse.

"Koma m'sewero la chaka chino aliyense akuthira masupuni atatu a shuga m'tiyi, buledi ali patebulo, magetsi sakuzima. Ife olima tiyiyo, shuga tinamuona komaliza pa Khirisimasi. Kenias waleka kusuzumira pawindo."

Bokosi la machesi linasiya kulira.

"Ndiye mukuti TV imanama, sekuru?"

"Ine ndikunena za Kenias, mwanangu. Ndi mlembi weniweni. Kungoti naye ali ndi ana ofuna kudya."

Edmore anawayang'ana. Kenaka anatembenukira kugulu lija, komwe mayi ake omubereka, a Miriamu, anaima atagwira pakamwa. M'mawa womwewo Edmore anali atamwa nawo tiyi wopanda shuga. Anang'amba tsambalo, n'kulipinda kanayi, n'kuliika m'thumba.

"Tsamba ili silinalembedwepo. Tamvana?"

"Tamvana. Kungoti kuseri kwakeko kuli mathero a nkhani yonse, ukanandilola ndiko..."

Mai Tabeth, oyandikana nawo nyumba, anawaponda phazi mwamphamvu moti mawuwo anathera m'khosi. Amuna aja anachoka osacheuka, ndodo zikukhwekhwereza pansi.

A Joachim anagwada n'kuyamba kutola makope awo limodzilimodzi, akuwasasa fumbi. Anawawerenga kawiri. Onse analipo. Mai Tabeth anawayang'ana atagwira m'chiuno.

"Inu achimwene, mutu wanu sukoka. Mukanaphedwa lero chifukwa cha munthu amene sadziwa n'komwe kuti munabadwa."