Nyumba ya Matayala Awiri

Ndinakwatiwa ndi munthu amene nyumba yake inali ndi matayala. Lero ndimanena moseka, koma nthawi imeneyo nkhaniyi inatsala pang'ono kundithetsera banja.

Amuna anga ankayendetsa gileda, chigalimoto chopala misewu chija. Titangokwatirana anamanga nyumba kwathu ku Kapelula monga achitira mkamwini aliyense, koma sanagonemo ndi miyezi itatu yomwe. Ntchito inawatumiza ku Gemu, nkhalango yosungira nyama imene ili kumadzulo kwa boma la Kasungu. Kumeneko anawapatsa kalavani, kanyumba kamalata kokokedwa ndi thirakitala, kuti azigona pafupi ndi msewu umene akupala. Kwathu ankabwera patalipatali, pa njinga, fumbi mpaka m'nsidze. Mwana wathu wamkazi atayamba kuyenda, ankati akawaona amathawira kuseri kwa nkhokwe akulira. Zinkandipweteka kwambiri, ndipo ndinkaona kuti iwonso zikuwadya.

Mankhwala ake anali amodzi okha, chitengwa, kuti ine ndichoke pamudzi pa amayi ndikakhale kumene kuli mwamuna. Koma chitengwa munthu sudzitenga wekha. Mwini mbumba anali amalume, mlongo wawo wa amayi, mlimi wa fodya wouma mutu kuposa chitsa. Amuna anga anapitako kawiri atanyamula nkhuku, ndipo kawiri konse nkhuku inabwerera.

"Akamwini, ndamva kuti nyumba yanu imayenda," anatero amalume ulendo wachiwiriwo. "Ndiye ndikadzabwera kudzaona mwana wa mlongo wangayu ndidzapeze pamene panali nyumba pakumera udzu?"

"Eya, amalume. Ndamva, amalume," anayankha amuna anga atakhala pansi, chipewa chili pabondo.

Ine kuseri kwa mpanda ndinkachita kukukuta mano. Munthu wogumula zulu ndi chigalimoto, koma pamaso pa amalume ankasanduka phala.

Chaka chachitatu, mwezi wa Ogasiti, sukulu zitatsekera, akuluakulu a ku Gemu analola antchito kuitana mabanja awo kwa mlungu umodzi. Kalavani ija anaikokera pamalo pamene pamagona alendo odzaona nyama, pafupi ndi damu. Nthawi inali yabwino, fodya atagulitsa kale, nazale asanafese, moti amalume analibe chonamizira. Ndinawalirira amayi, amayi n'kukawalirira alongo awo, mpaka amalumewo anavomera kuti apita akaione okha nyumba ya matayalayo. Ndinadziwa kuti akaikana ataiona ndi maso, ndiye kuti basi, ndidzakalambira pa Kapelula ndi mwamuna wobwera ngati mlendo.

Tinakwera basi mpaka pa boma, pamene anyamata a chipani anationa makadi a chipanicho tisanatuluke m'depoti, kenaka lole ya ku Gemu inatitenga. Amalume anavala jekete la kutchalitchi, koma kankhwangwa kawo kanali paphewa monga mwa masiku onse. Ndinawapempha kuti akasiye. Anandiyankha kuti mwamuna sapita kutchire manja lende.

Ine kalavaniyo ndinaikonda nditangoponda pakhomo. Inali yobiriwira, yoima pa matayala awiri ndi miyendo yachitsulo. M'kati munali bedi lopinda limene masana linkasanduka tebulo, timakabati mpaka kudenga, kachitofu ka pulaimasi, ndi mawindo awiri okhala ndi timakatani timene amuna anga anasoka okha mokhotakhota. Chilichonse chinali ndi malo ake. Amalume sanalowe msanga. Anaizungulira kawiri, n'kugogoda chipupa ndi chala, n'kuikankha ndi phewa mpaka makapu analira m'kati. Kenaka anawerama kusuzumira pansi.

"Nkhuku zingagone bwino pansipa," anatero. Mawu abwino amene anaiyankhulira tsiku limenelo anali omwewo.

Popeza sakanagona chipinda chimodzi ndi ife, amuna anga anawabwerekera tenti. Amalume ankaitchula kuti thumba, ndipo m'mawa uliwonse ankatulukamo chokwawa akudandaula msana.

Koma m'mawa wa kumeneko, abale! Ndinkatsegula chitseko n'kuona mvuu zikupumira m'damu, nkhungu ikuchoka pamadzi. Tsiku lachiwiri njovu zinatsika kutsidya, zazikulu ndi ana omwe, n'kumwa madzi mosapupuluma ngati zabwera kwawo. Kwathu njovu tinkazimva m'nkhani za anthu odandaula chimanga, ndiye kuziona ndili ndi kapu ya tiyi m'manja zinandichititsa chidwi mpaka tiyiyo anazizira. Mwana anachita mantha n'kugwira mwendo umene unali pafupi, ndipo unali wa bambo ake. Madzulo ake analola kuti amukweze pa gileda. Ndinayamba kuganiza kuti mwina zinthu zitheka.

Sitinali tokha pamalopo. Chakumtunda kunali banja la azungu ndi kalavani yawo yoyera, ndiponso mabwana ena akuda ochokera kutauni amene anakhoma matenti atatu. Amalume ankawayang'anitsitsa. Anaona anthu ambiri akugona panja, amuna akusonkha moto ndi kuphika okha, akazi atakhala duu pamipando, aliyense akuyankhula chapansipansi. Kwathu zimenezi zimachitika pa chifukwa chimodzi. Tsiku lachitatu m'mawa anavala jekete lija, n'kupita kwa azunguwo, n'kuvula chipewa, n'kukhala pansi chapatali atazyolika. Anakhala choncho nthawi ndithu. Kenaka anawomba m'manja pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Pepani ndi zovutazi."

Azungu aja, posadziwa chochita, anawapatsa tiyi ndi mabisiketi. Amene anawamasula amalumewo ndi khukhi wa azunguwo, bambo wina wa ku Simlemba, amene anawafotokozera kuti palibe maliro. Amalume anabwerera akupukusa mutu.

"Akuti palibe wamwalira," anatero. "Asiya nyumba za njerwa, za magetsi, kudzagona m'matumba mwadala. Ndipo akuti amayankhula motsitsa kuopa kusokoneza mvuu!"

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinapezerapo mwayi wowauza kuti aone okha, ngakhale mabwana amasirira nyumba ngati yathuyi. Anandiyang'ana n'kunena kuti misala sisankha wolemera.

Chimene chinkawawawa kwenikweni ndinachidziwa mochedwa. Pulaimasi inali yophikira munthu mmodzi, ndiye ine ndinkaphikira panja, pa mafuwa atatu, mphepo ya Ogasiti ikuthira mchenga mu ndiwo, dzuwa likundiwotcha pamsana, anyani akundidikirira kuti nditembenuke. Amalume ankandiyang'ana kuchokera pakhomo pa tenti yawo. Iwo mkazi wophikira pamtetete ankamuona ngati wosiyidwa.

Tsiku lachinayi, nditangoteleka madzi, ndinamva nkhwangwa ikulira kuseri kwa kalavani. Amuna anga, amene ankathira girizi pa gileda, anaponya chitini pansi n'kuthamanga, ine pambuyo. Tinawapeza amalume atavula jekete, atasankha kamtengo kowongoka kokhala ndi mphanda yabwino, atakatema kale kawiri. Ankafuna kundimangira chisakasa chophikiramo. Koma mu Gemu lamulo linali loti ngakhale ndodo sudula. Alonda akanamva, amalume akanamangidwa, ndipo wowabweretsayo ntchito ikanathera pomwepo.

Amuna anga anagwada. "Pepani amalume, kuno sitidula mitengo."

"Mtengo wa m'tchire uli ndi mwini?" anafunsa amalume osatembenuka. "Mwana wanga aziphika padzuwa ngati wapaulendo inu mukuyang'ana?" Anakweza nkhwangwa kachitatu.

Sinatsike. Amuna anga anali ataimirira, atagwira mpini. Ndinali ndisanaonepo kuti ndi aatali kuposa amalume.

"Ayi," anatero. "Kwanu ndimamvera inu. Pano ndi pakhomo panga, ndipo mtengo uwu sudulidwa. Bweretsani nkhwangwayo."

Anaichotsa m'manja mwawo, n'kukaikiyira m'bokosi la masipanala. Atabwerako anakanda dothi n'kumata pabala la mtengo uja. Amalume anatola jekete lawo, n'kulikung'untha, n'kukalowa mu tenti dzuwa lili pamutu.

Ine mtima unandiwira. Ndinawakokera amuna anga m'kalavani n'kuwalalatira motsitsa mawu. Zaka zitatu zonse munthu ali phala, lero pamene tikufuna chisomo m'pamene aumire? Sakanapeza njira ina? Mkamwini kulanda chinthu m'manja mwa mwini mbumba, nkhani yake ikafika kumudzi tidzayang'ana kuti? Iwo anangoti, "Mayi a mwana, ntchito ikatha ndikusungani ndi chiyani?" Ankanena zoona, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri.

Masiku awiri otsalawo amalume sanayankhule ndi munthu. Chakudya ankalandira, koma ankadya atayang'ana kudamu. Amuna anga akawapatsa moni ankangogwedeza mutu. Njovu zinabweranso, ine osaziona n'komwe. Ndinkayang'ana timakatani tokhotakhota tija n'kumadziuza kuti ndisazolowere, pano si panga.

Loweruka m'mawa lole inafika. Ndinabereka mwana, n'kusenza mtolo wanga umene mlungu wonsewo unali pakona, womangamanga ngati wa mlendo. Amalume anakwera kumbuyo osafuna kugwiridwa dzanja. Amuna anga anatulutsa nkhwangwa ija n'kuipereka ndi manja awiri. Amalume anaiyang'ana kumaso kwake ngati yabunthitsidwa, n'kuiika pambali. Ine ndinaponda tayala kuti ndikwere.

"Iwe ukupita kuti?" anandifunsa amalume.

"Kumudzi, amalume."

"Kukatani? Tsika."

Ndinatsika osamvetsa. Ndinaganiza kuti mwina akufuna ndikhale kutsogolo chifukwa cha mwana. Koma iwo anatembenukira kwa amuna anga.

"Akamwini, ine ndinkayesa kuti m'kamwa mwanu muli eya yekha. Munthu wa eya sindikanamupatsa mwana wa mlongo wanga kuti apite naye kokhala njovu." Anakhosomola. "Mitengo nditumiza yakwathu, ya bulugamu, ndi udzu womwe. Mukafunse mabwana anuwo ngati imeneyonso ili ndi mlandu. Zina tidzakambirana kumudzi mwa mwambo wake."

Amuna anga anagwada m'fumbi n'kuwomba m'manja. Amalume anamenya denga la lole kuti dalaivala anyamuke, ndipo sanacheuke mpaka anakhota pa mitengo.

Mitengoyo inabweradi patapita milungu iwiri, yosendasenda bwino, mphanda zake zofanana. M'kalavani imeneyo tinakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ana ena awiri anaphunzira kuyenda atagwira miyendo yake yachitsulo. Thirakitala ikabwera kudzatikoka, amuna anga ankazula chisakasa chija n'kukachizika kumene tafika.

Koma m'mawa umenewo zonsezi sindinkazidziwa. Ndinangoima pamsewu, mtolo uli pamutu, fumbi la lole likutsika. Ndinakumbukira kuti amayi sindinawatsanzike ngati munthu wochoka, kuti mtedza wanga uli m'nkhokwe wosaswa, kuti ndabwera ndi zitenje ziwiri zokha. Ndinalira, ndipo sindinama, ndinkaliranso ndi chimwemwe. Amuna anga anaima pambali osadziwa pogwira. Nditatha ndinapukuta m'maso, n'kulowa m'nyumba, n'kumasula mtolo uja pabedi. Kenaka ndinatsegula kabati yam'mwamba, n'kusunthira malaya awo mbali imodzi kuti ndiikemo zanga.