Dzanja la m'mphepete mwa chithunzi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene aphunzitsi athu a Sande sukulu ku Mtendere, mu Lusaka, anatiuza kuti aliyense akonze buku la zithokozo. Anatigawira mapepala olimba, natiuza kuti tijambulepo mikombero yozungulira ngati mwezi, ndipo mumkombero uliwonse timatemo nkhope ya munthu amene tikumuthokoza.

Ine ndinali mwana wosafuna kuposedwa. Ndinasonkhanitsa zivundikiro za m'nyumba monse, cha botolo la mafuta odzola, cha chitini cha mkaka, mpaka kambale ka alendo. Amayi atatopa ndi kulira kwanga kofuna zithunzi, anatulutsa envulopu pansi pa matiresi nandipatsa zithunzi zingapo. Masiku amenewo chithunzi sichinali chamasewera, munthu unkachita kudikira wojambula woyenda pa njinga.

Pa yadi pathu tinkakhala ndi mayi wina wachibemba, bana Chanda, kutanthauza amake a Chanda. Kunena zoona sindinkawakonda. Ankatikalipira tikamasewera pa mpopi, ndipo akakugwira kuti akusambitse ankakukhula ndi mwala mpaka khungu kuwawa. Sabata imeneyo anali akumanga katundu. Amuna awo anali atamwalira, ndipo mwana wawo anawaitana kuti akakhale naye ku Kitwe. M'buku langa sindinawaganizire n'komwe.

Ndinakhala pakhonde, kuika chivundikiro pankhope ya pachithunzi, kuzunguliza pensulo, kenako sizasi. Amayi ndinawaika pakati, mumkombero waukulu. Pambali pawo amalume amene anandigulira nsapato, aphunzitsi, ndi ine mwini, pa chifukwa chimene mpaka lero sindichidziwa. Zotsalira za zithunzizo ndinazisesera pakona.

Amayi atabwera kuchokera kumsika, anayang'ana bukulo. Kenako anawerama, natola tizidutswa tija, nayamba kutiyala pamphasa.

"Misozi, bwela uone vamene wataya," anatero. "Ili dzanja ni la ndani?"

Pakadutswa ka chithunzi cha ubatizo wanga panali dzanja lokha, lochirikiza msana wa khanda. Pakena, ka tsiku limene ndinayamba sukulu, panali chigongono ndi zala zogwira ambulera pamutu panga. Pakenanso panali phewa ndi theka la khutu. Paliponse chitenje chinali chimodzimodzi, chachikasu cha timasamba takuda. Ndinkachidziwa, chinkayanikidwa pachingwe chathu.

"Pamene n'nagona mu chipatala miyezi yonse ija, uganiza unali kugona pa msana pa ndani?" amayi anandifunsa. "Iwe unali kang'ono, siungakumbuke. Koma ine nikumbuka."

Ndinachita manyazi, kenako mantha, poti bana Chanda anali kunyamuka Loweruka. Tinakhuthula envulopu yonse kufuna chithunzi chooneka nkhope yawo, koma sichinapezeke. Ndinadikira wojambula uja pamsewu masiku onse otsalawo, ndipo monga zimakhalira ukamufuna munthu, sanadutse.

Lachisanu ndinatenga mbale yaikulu kuposa zonse, ndinazunguliza patsamba latsopano, n'kumatamo tizidutswa tija ndi phala la ufa wa chinangwa. Dzanja apa, chigongono apo, theka la khutu pamwamba. Sizinakongole ngakhale pang'ono. Tsambalo linafufuma ndi phala, ndipo linkanunkha chinangwa.

Bana Chanda ndinawapeza atakhala pa thumba la ziwiya. Anatenga bukulo, nalitalikitsa ndi maso awo, nayang'ana nthawi yaitali.

"Awe mwandi, ichi ni chitenge changa," anatero. "Manje nkhope ili kuti?"

Ndinawauza kuti tinaifuna koma sitinaipeze. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ningaoneke bwanji nkhope? Ba kamela bakabwela, ine n'nali kugwila iwe kuti usagwe."

Ndinkayembekeza kuti andikumbatira. M'malo mwake ananyowetsa chala ndi malovu, nandipukuta phala limene linali patsaya, mwamphamvu monga mwa masiku onse. Koma bukulo sanandibwezere msanga, ndipo ndinaona akusisita kadzanja kaja ndi chala chachikulu.

Anapita m'mawa mwake, ndipo sindinawaonenso. Uthenga wa maliro awo unatipeza ndili ku sekondale. Bukulo ndikadali nalo, ngakhale mphemvu zinadyako m'mbali. Lero ana anga akamandionetsa zithunzi pafoni, amadabwa kuti ndimayamba kuyang'ana m'mphepete, kufuna amene wagwira mbale, amene wabereka mwana wa mnzake. Ndinazindikira kuti amene amatichirikiza saoneka kawirikawiri pakati pa chithunzi, chifukwa manja awo amakhala ali pa ife. Zimandipweteka kuti nkhope ya bana Chanda yayamba kundithawa m'mutu. Koma dzanja lawo ndingalizindikire pakati pa manja a anthu onse a mu Lusaka.