Mawu Khumi ndi Awiri pa Boti la Amalume

"Nadia, iwe wafika Folomu 4, tandiuza, ofesi ya ndalama zimenezi ili ku Boma kapena ku Lilongwe?"

Anandifunsa motero amalume anga a Sharifu, foni ili m'manja. Koma ndiyambe ndakuuzani za iwowo.

A Sharifu ndi mmisiri wolemba mayina pa maboti padoko la Liwaladzi. Sukulu analekezera Sitandade 5, koma dzanja lawo, eee! "Zako Izo", "Riziki Sathamangira", onsewo ndi burashi yawo. Pepala salikhulupirira m'pang'ono pomwe, chidyereni chiswe kalata yawo ya ukwati. Chilichonse chofunika amachilemba pathabwa ndi penti. Masiku obadwa a ana awo asanu ali kuseri kwa chitseko.

Mwana wawo wachisamba, Faizal, ali ku Joni. Chaka chatha anayamba kuwatumizira ndalama za pa intaneti, zija amati kiripito, kuti zikakwana agulire injini boti lawolawo latsopano.

"Si zija ndinamva kuti zimadya magetsi kuposa chigayo?" anafunsa amalume.

"Zimenezo ndi zakale, Ababa. Izi makina ake amangonyambita magetsi. Ndipo zilibe bwana, makompyuta ambirimbiri amangosungirana kaundula."

Amalume, munthu wothimitsa babu ngakhale akungotuluka kukalavula, zinawagwira mtima. Faizal anawauzanso kuti mawu khumi ndi awiri a Chingerezi amene foni yawapatsa ndiwo kiyi. Awalembe posafufutika, ndipo asauze munthu.

Sanauzedi munthu. Koma posafufutika kwa iwo ndi pathabwa. Anaganiza kuti padoko boti lililonse lili ndi mawu ake ndipo palibe amafunsa tanthauzo, ndiye pobisa pabwino ndi pomwepo. Anawandandalika m'mbali mwa boti latsopano lija, zilembo zofiira, mthunzi wachikasu. Chiyambire ntchito yawo sanalembepo zokongola choncho.

"A Sharifu, imeneyi ndi duwa, pemphero la Chizungu?" anawaseka a Sadick, msodzi mnzawo amene anakhalako ku Joni.

"Ndi mayina a nsomba zimene ukonde wanu sunakolepo, achimwene."

Lachisanu lina, atachoka ku mapemphero a Juma, anatsegula foni kuti aitanitse injini ija. Munali mbee! Anaithimitsa, kuiyatsanso. Anaipukuta ndi kanzu, mkanjo wawo wa kumzikiti. Anakwera pachulu kufuna netiweki. Chimodzimodzi. Atamuimbira Faizal pa vidiyo, iye anafunsa kumene anasunga mawu aja. Amalume anatembenuzira foni ku boti, monyadira ndithu.

Faizal anangoti kukamwa yasa. "Ababa! Mwapachika kiyi panja pa chitseko!"

Anafotokoza kuti aliyense woona mawuwo, kaya ali dziko liti, akhoza kusesa zonse. Amalume anakhala pansi pamchenga wotentha osamva kutentha. Thukuta la mwana wawo la chaka chathunthu! M'pamene anandifunsa funso lija, ine n'kuwayankha kuti ofesi kulibe, bwana kulibe, kokadandaula kulibe. Chomwe chinawakopa chija ndicho chinawasiya padzuwa.

Amalume anayang'ananso boti lija. Kenako nkhope inauma.

"Pano wodziwa zimenezi ndi mmodzi yekha. Sadick. Ndiye ankafunsafunsa uja. Mawa ndikamutula kwa a Shehe, anthu onse amve."

A Sadick amene anawanyamula pamsana kukakwera galimoto ya kuchipatala chaka chija anadwala kolera!

Apa m'pamene ine ndinakumbukira. Lolemba la sabata yomweyo ndinali nditajambula boti lija, zilembo zonse zikuoneka bwinobwino, n'kuliika pa tsamba langa la pa intaneti ndi mawu oti "Luso la kwathu". Anthu mazana anayi analikonda, ena a mayiko amene sindikuwadziwa n'komwe. Chilembereni mayeso palibe amene anandiyang'anapo kawiri, ndiye tsiku limenelo ndinayenda ngati mwana wa nduna.

Sindingalumbire kuti wakubayo anaonera pamenepo. Koma ndikudziwa kuti khomo ndinatsegula ndine. Ndikanatha kungofufuta chithunzicho, ine zii, mlandu n'kugwera a Sadick.

Sindinafufute. Ndinaganiza zoti amalume asanavale nsapato kupita kwa a Shehe, ndikagwade pakhonde pawo, foni yanga ili chotsegula, awerenge okha.