Mudzi umene foni inakana

Asha ndi mnansi wanga kuno kwa Kuntumanji, mayi wa ana anayi, wogulitsa matemba ku Songani. Bungwe lina likafuna kugawa chimanga, iye ndiye amayenda kulemba mayina. Salandira kanthu. Amangopatsidwa foni ndi tisheti, ndipo foniyo amakatchaja yekha kwa ometa tsitsi.

Foniyo ili ndi lamulo lake. Dzina la munthu sililowa lokha. Uyambe ndi boma, kenako mfumu yaikulu, gulupu, mudzi, nyumba pomalizira, chilichonse pansi pa chinzake monga anachiikira a ku ofesi. Ukaphonya pamodzi, pamatuluka zilembo zofiira, dzina silisungika.

Chaka cha madzi osefukira, anthu a m'mudzi wa Nampeya anathawa m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa n'kukamanga kumtunda, kwa gulupu wina. Mmodzi mwa iwo anali mayi Nasra, wamasiye wolera zidzukulu zitatu. Tsiku lowalemba ndinali pomwepo.

Asha anasankha gulupu watsopanoyo, n'kufunafuna Nampeya pansi pake. Panalibe. Analemba yekha dzinalo, zinatuluka zofiira.

"Ikuti chiyani?" anafunsa mayi Nasra.

"Ikuti mudzi wanu kulibe kuno, amama."

"Nanga pano ndakhala m'mwamba? Iuzeni itsike idzaone nyumbayi."

Ine ndinaseka pang'ono, Asha ayi. Anaimba ku ofesi. Anamuyankha kuti mndandanda wa midzi amaukonza ena, mwina chaka chamawa. Kalembera ankatha mawa lake, ndipo m'nyumba muja munali mutatsala gaga wa masiku awiri.

Asha anakhala pa chitsa nthawi yaitali, foni ili pamwendo. Kenako anasankha gulupu wakale. Nampeya anatulukira pomwepo, mudzi umene kwatsala mabango ndi achule okha. Foni inavomera.

Dzina linatuluka ndithu, koma kumalo ogawira a gulupu wakaleyo, ulendo wa maola atatu, ndipo mwini dzina ankayenera kukaonekera yekha. Mayi Nasra miyendo imawavuta. Asha anasiya matemba ake tsiku la msika, n'kuwaperekeza pang'onopang'ono. Pobwerera thumba linali pamutu pa Asha. Zidzukulu zija zinadya. Asha anatha sabata khosi losatembenuka, osadandaulira munthu.

Chaka chino foni ija yabweranso. Mu foniyo Nampeya akadali m'madzi momwemo, pansi pa gulupu wakale. Dzulo ndinamuona Asha akupita kwa mayi Nasra kukafunsa za miyendo.