Mageji a ku Mphunzi

Achimwene anga, amene anakhala ku Joni zaka zambiri, anagula pikapu yakale yachifalansa ku Lilongwe n'kuibweretsa pa lole mpaka pagalaja yanga pa Dedza boma. Inalibe mipando, magalasi anali osweka, ndipo pa dashibodi panali mabowo atatu pomwe pankakhala mageji.

"Uidzutse," anatero. "Koma ikhale mmene inatulukira ku fakitale, zamakono ayi. Ndikufuna tizipita nayo kumudzi, anthu akumbuke bambo athu."

Bambo athu ankayendetsa yotereyi ku mishoni tili ana. Mawu amenewo anandilowa, ndipo ndinavomera osafunsa zambiri.

Injini inandidyera miyezi, koma inalira. Chimene chinandisowetsa mtendere ndi mageji: ya liwiro, ya mafuta ndi ya kutentha kwa injini. M'mashopu munali apulasitiki okhaokha, owala buluu ngati wailesi ya m'bala. Ndinafufuza kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Lilongwe, ndinawoloka malire kukafunsa ku Mozambique, osapeza kanthu. Kenako dalaivala wina wonyamula kachewere anandiuza kuti anaona pikapu yofanana nayo kuseri kwa nyumba ina ku Mphunzi.

Ndinapita pa njinga yamoto m'mawa wachifunga. Galimotoyo inali pamiyala, yopanda matayala, pansi pa mtengo wa mapichesi. Mwini wake anali mayi wamasiye wachikulire. Amuna awo ankanyamulirapo kabichi ndi kachewere kupita nazo kumsika mpaka pamene anamwalira. Kumbuyo kwa galimotoyo mayiwo ankasungako mbewu, koma kutsogolo kunali kokhoma ndi kopukutidwa bwino. Nditasuzumira pawindo ndinawaona mageji aja: atatu onse, nkhope zakuda, timivi toyera, galasi lopanda mng'alu.

"Mwadzera amenewo?" anafunsa mayiwo. "Azitsulo abwera kangapo, ndawabweza. Inunso mubwerera."

Ndinabwereradi. Ndinapitanso sabata yotsatira, anakananso. Ulendo wachitatu ndinakhala nawo pakhonde n'kuwafotokozera za bambo anga, mmene ankatikwezera kumbuyo popita kutchalitchi, mphepo ya m'phiri ikutibaya m'makutu. Sindinaname. Koma ndinkadziwa chimene ndinkafuna pofotokoza zimenezo.

Anapitiriza kusenda nyemba.

"Ndalama sindikufuna," anatero. "Ikadzuka mubwere nayo kuno. Mundikweze kutsogolo, tikafike kutchalitchi ndi kubwerera. Ndione kamuviko kakusuntha. Bambo akunowa akamathamanga ndinkawalozera pamenepo kuti achepetse."

Ndinawaimbira achimwene pompo, n'kukweza mawu a foni kuti mayiwo amve okha.

"Amayi, musade nkhawa," anatero achimwene. "Ndidzakuyendetsani ine ndemwe."

Ndikumasula magejiwo, mayiwo anaima pambali atagwira mbale yoti ndiziikamo timabawuti. Nditamaliza anayang'ana mabowowo, analowa m'nyumba, anatenga kansalu n'kuphimbapo.

Geji ya mafuta inali itauma, kamuvi kake sikankasuntha. Ndinaitsegula patebulo, ndinaitsuka ndi kaburashi masiku awiri, ndikuopa ngakhale kupumira pafupi. Tsiku loyesa ndinatuluka ndi pikapuyo mumseu waukulu wopita ku Lilongwe. Kamuvi ka liwiro kananjenjemera pang'ono, kenako kanayamba kukwera. Ndinaseka ndekha m'galimotomo.

Achimwene atabwera sanakwere n'komwe. Anajambula dashibodi ndi foni, chapafupi, chapatali, cham'mbali. Ndinawakumbutsa za ku Mphunzi.

"Tidzapita. Ndikakonze kaye mapepala ku Lilongwe."

Galimotoyo inapita pa lole monga mmene inabwerera. Patapita masabata awiri ndinaimba kufunsa za mapepalawo, ndipo anandiuza mosavuta, ngati akunena za nyengo, kuti galimoto aigulitsa kwa bwana wina wa ku Joni wosunga magalimoto akale. Nditawapanikiza anaulula kuti anagwirizana ndi bwanayo isanafike n'komwe pagalaja yanga. Iye ndi amene ankafuna mageji enieni.

"Nanga za bambo athu zija?"

"Ukanaigwira ndi mtima wonse ndikanakuuza zoona? Ndimakudziwa iwe."

"Nanga amayi aja, achimwene?"

"Uwagulire shuga. Chitsulo ndi chitsulo."

Ndinatha mwezi ndisanapite. Ndinkadziuza kuti ntchito yachuluka, kuti mseu waterera. Pomaliza ndinapita, wopanda shuga, chifukwa ndinaona kuti kungakhale kuwanyoza. Ndinawapeza m'dimba akupalira kabichi. Atamva njinga yamoto anaweramuka, anayang'ana kumbuyo kwanga kumseu, kenako anayang'ana ine.

Ndinawauza zonse. Ndinatchula achimwene kambirimbiri, mwina koposa muyezo. Anamvetsera atatsamira khasu.

"Amene analankhula pa foni aja sindikuwadziwa," anatero. "Amene anabwera pano katatu ndinu."

Ndinati ndiyesa kupeza mageji ena ndidzawabwezeretse.

"A galimoto ya mwini wina? Kuti nayenso mukamuuze za bambo anu?" Anapukusa mutu. "Pitani bwino, bambo. Dzuwa likukwera."

Anawerama n'kupitiriza kupalira. Ndinaima kanthawi, osadziwa choti ndichite ndi manja anga, kenako ndinaliza njinga.

Chaka chotsatira achimwene anaimba kuti apeza galimoto ina, yachingelezi, yongofunika zinthu zing'onozing'ono. Ndinawauza kuti galaja yadzaza. Anaseka, anati ndakula mtima. Panopa timaonana pamaliro ndi paukwati, timapatsana moni wa m'manja, timafunsana za ana. Mkazi wanga amati ndiwakhululukire, ndi magazi amodzi. Mwina tsiku lina. Koma ntchito ikandipititsa mbali ya Mphunzi ndimadzera njira yakumunsi, ngakhale ndi yotalika komanso yamatope.