Mayina Asanu ndi Awiri Amene a Kaboni Sanadumphe

Sabata yatha mdzukulu wanga anandibweretsera kabuku kamene ofesi yathu yakale yasindikiza pokumbukira zaka zake. Patsamba lachitatu pali chithunzi cha munthu amene tinkamutcha Wachikwama, mano onse panja, dzanja lili pa kompyuta, ndipo pansi pake alemba kuti ameneyu ndiye anatitsegula m'maso pa nkhani ya makina. Ndinatsegula tsamba ndi tsamba kufunafuna a Kaboni. Mulibe. Ophika tiyi alimo, alonda alimo, koma mayi amene anataipa mu ofesi ija zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mulibe. Kabukuko ndinakaponyera kuseri kwa kabati ndipo kakadali komweko.

A Kaboni anali mayi wamfupi, wamagalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Anaphunzira kutaipa ali mtsikana, amuna awo anamwalira ana atatu ali aang'ono, ndipo anawo anawalera ndi zala zawo khumi. Dzinalo tinawapatsa ndife chifukwa sankalemba kanthu popanda pepala la kaboni pansi. Ngakhale kakalata kopempha tsache ankasunga kope yake mudirowa. Ine ndinali wotaipa wamng'ono, iwo wamkulu, ndipo ndinkawaitana kuti achemwali.

Ofesi yathu inkayesa anthu mayeso a ntchito zamanja: akalipentala, owotcherera zitsulo, osoka, omanga nyumba. Ntchito ya awirife inali kutaipa mndandanda wa amene akhoza. Tinali ndi lamulo lathu limene a Kaboni sankalola kuti liphwanyidwe, lotchedwa kuwerengerana. Wina akamaliza kutaipa, mnzake ankagwira pepala loyambirira, wotaipayo n'kumawerenga mokweza zimene walemba, liwu ndi liwu, mpaka kadontho komaliza. Zinkandikwana kwabasi, makamaka nthawi ya nkhomaliro itakwana m'mimba mukulira. Koma m'zaka zonsezo palibe pepala lathu limene linabwezedwa.

Kenako kunabwera kompyuta. Inali imodzi yokha, ya sikirini yobiriwira, yolira ngati firiji yakale. Anaiika m'kachipinda kakekake, n'kuisokera nsalu yofunda. Pamodzi nayo panabwera katswiri, mlamu wawo wa bwana wamkulu, munthu wosasiyana ndi chikwama chachikopa ngakhale popita kuchimbudzi. Ndiye Wachikwamayo. Iyeyo ndi amene analemba pulogalamu yosunga ndi kusindikiza mayina, koma ankailemba ndi cholembera papepala, chifukwa kutaipa ankakuona ngati ntchito ya azimayi. Mizere yonseyo anailowetsa mu kompyuta ndi a Kaboni, ine ndikuwawerengera. Mapepala ake olemba pamanjawo ankawataya mubini, a Kaboni n'kumawatola, kuwawongola, kuwasunga.

Chimene chinamutchukitsa Wachikwama sichinali pulogalamuyo ayi. Anaika kanthu kena koti kompyuta ikangoyatsidwa iziimba kanyimbo n'kulemba moni kwa bwana wamkulu, dzina lawo lonse ndi maudindo awo, kenako kawotchi n'kukhala pakona tsiku lonse. Bwana ankabwera m'mawa uliwonse kudzalandira moni wawo. Alendo akafika ankawatengera komweko, ife n'kutiuza kuti tizimitse tiyatsenso kuti alendowo aone.

Chaka chachiwiri cha kompyutayo, kunabwera bambo wina wowotcherera zitsulo, manja ali zipsera zokhazokha. Woyesa anamuuza pamaso kuti wakhoza, koma pamndandanda dzina lake panalibe, ndipo kampani imene inkafuna kumulemba ntchito inatenga wina. Sanakalipe. Anangokhala pabenchi lapakhonde masiku atatu, chipewa chili pabondo. A mu ofesi atafufuza m'mafayilo anapeza kuti bamboyo sanali yekha. Anthu asanu ndi awiri anakhoza koma mayina awo sanatuluke.

Bwana anafunsa mlamu wawo, ndipo yankho lake ndimalimvabe mpaka lero. "Makina salakwa, alamu. Amatulutsa zimene wawapatsa. Funsani amene amalowetsa mayina."

Lachisanu bwana anaitana a Kaboni n'kuwauza kuti Lolemba afotokoze chifukwa chimene sayenera kuchotsedwa ntchito. A Kaboni anatuluka muofesimo n'kubwera pamene ndinakhala ine. Sanali kulira, anali atapsa mtima.

"Mayina aja tinawerengerana, eti mng'ono wanga?"

"Onse, achemwali."

"Ndiye mawa usajombe."

Loweruka tinkagwira ntchito mpaka masana, koma mabwana sankabwera. Pamwamba pa kabati m'kachipinda kaja panali bokosi limene linabwera ndi kompyuta, ndipo ntchito yake inali kukhazikapo fani. A Kaboni analitsitsa, kupukuta fumbi. Munali buku lonenepa ndi madisiki atatu, aakulu ofewa aja, akadali m'pulasitiki. Bukulo iwo anali ataliwerenga kale nthawi za nkhomaliro, ife tikukamba za anthu. Anandiuza kuti m'madisikimo muli dibaga, pulogalamu yofufuzira zolakwika, imene imagwira pulogalamu inzake n'kuiyendetsa mzere umodzi umodzi kuti munthu aone pamene ikupunthwa. Katswiri wathu, nthawi yonseyi, anali asanang'ambe n'komwe pulasitikiyo.

"Ndi kuwerengerana basi," anatero a Kaboni. "Kungoti lero awerenge ndi makinawa, ife tigwire pepala."

Kuiika dibagayo kunatidya mutu. Disiki yoyamba inalowa bwino, yachiwiri inkakana, mpaka a Kaboni anaitulutsa n'kuilowetsanso pang'onopang'ono ngati akuika buledi mu uvuni. Kenako inatifunsa mtundu wa sikirini yathu. Tinasankha ya mitundumitundu poganiza kuti kubiriwira nako ndi mtundu, ndipo sikirini yonse inangoti bii. Ndinati tathyola katundu wa ofesi, tikafera kundende. A Kaboni anazimitsa, kuyatsanso, kudikira kanyimbo ka bwana kathe, n'kuyambanso kuchokera pa disiki yoyamba. Ulendo uno anasankha ya mtundu umodzi, ndipo zinatheka.

Titati tiyendetse dibaga pamodzi ndi pulogalamu ya mayina, kompyuta inalemba kuti malo okumbukira ndi osakwanira. Makina a nthawi imeneyo anali ndi mutu waung'ono, zinthu zikachuluka ankangokana. A Kaboni anatsegula buku, chala chikuyenda pamizere, kenako anatsegula kafayilo kamene kompyuta imawerenga ikamadzuka. Munali mizere isanu ndi umodzi yokha. Anaikopera papepala, kaboni ali pansi monga mwa masiku onse, n'kuloza mzere wachinayi.

"Waona chimene chadzaza malo? Moni wa bwana ndi kawotchi kake."

"Achemwali, chimenecho musakhudze."

"Nanga ndikhudze chiyani? Ndichotse pulinta?"

Anaufufuta mzerewo. Kompyuta inadzuka ili duu, yopanda nyimbo, ndipo dibaga inatseguka.

Tinayamba kuwerengerana. Ine ndinagwira mapepala a Wachikwama olemba pamanja aja, iwo akudina batani limodzi, pulogalamu n'kusuntha mzere umodzi. Pambali pankaoneka nambala yosonyeza dzina limene yafikapo. Tsamba lililonse linkatenga mayina makumi asanu. Tinayenda tsamba loyamba lonse osapeza kanthu, lachiwiri chimodzimodzi, msana wanga wayamba kuwawa. A Kaboni anapeza m'buku njira youza dibaga kuti izithamanga yokha n'kumaima pothera pa tsamba basi. Patsamba lachisanu ndi chinayi anandigwira mkono. Nambala ija inalumpha kuchoka pa 450 kufika pa 452 ife tikuona. Dzina la 451 linalimo mu kompyuta, lotaipidwa bwinobwino, ndipo linali la bambo wowotcherera uja.

Nkhani yake inali yopusa moti ndimachita nayo manyazi poifotokoza. Tsamba likadzaza, pulogalamu inkasuntha kupita pa dzina lotsatira. Mayinawo ankasanjidwa potengera sukulu imene munthu anaphunzirako, ndipo a sukulu imodzi akatha, inkasunthanso. Ndiye zikachitikira pamodzi, tsamba kudzaza pomwe sukulu yathera, inkasuntha kawiri, munthu mmodzi n'kutsala m'mdima. Tinayang'ana papepala lolemba pamanja lija ndipo cholakwacho chinali pomwepo, m'zilembo zopendekera za Wachikwama mwiniwake. Tinapeza malo onse asanu ndi awiri belu la masana lisanalire.

Ndinawakumbutsa kuti abwezeretse moni uja. Anakana. Anati akaubwezeretsa dibaga siitseguka, ndipo iwo akufuna bwana adzaone ndi maso awo nambala ikulumpha.

Lolemba bwana analawirira, ndipo anabwera ndi alendo awiri. Anavundukula nsalu okha, kuyatsa, n'kuima chilili manja kumbuyo kudikira nyimbo yawo. Kompyuta inangoti zii. Anazimitsa n'kuyatsanso, koma zii yemweyo. Alendo anayamba kuyang'ana kudenga. Nkhope ya bwana inachita kutupa.

Alendo atapita, tinaitanidwa tonse m'kachipindako. A Kaboni sanadikire kufunsidwa. Anatsegula dibaga, kuiyendetsa mpaka pa 450, n'kunena kuti, "Bwana, yang'anani apa." Nambala inalumpha. Anabwerezanso, inalumphanso. Kenako anawapatsa pepala lolemba pamanja lija, atazunguliza mzere wolakwikawo ndi pensulo. Bwana analiyang'ana ngati munthu amene wapatsidwa mwana wa eni akulira, n'kulipereka kwa mlamu wawo. Wachikwama analiwerenga, makutu ake anachita thukuta, ndipo ndikulumbira kuti anamvetsa. Analipinda kanayi n'kuliika m'chikwama.

"Alamu," anatero, "makinawa asokonezedwa. Munthu akayamba kufufuta zinthu zimene sakuzidziwa, chilichonse chitha kulumpha. Ndani akudziwa kuti anayamba liti kuwaseweretsa?"

"Ndinachotsa mzere umodzi Loweruka," anayankha a Kaboni. "Mayina anasowa mwezi watha. Kope ya mzerewo nayi, mutha kuubwezeretsa pompano."

Bwana sanaiyang'ane kopeyo. Anafunsa kuti anawapatsa chilolezo ndani chotsegula bokosi la ofesi. Kenako anatembenukira kwa ine. "Nanga inu mayi, munalipo Loweruka? Munaona chiyani?"

Apa ndi pamene mkwiyo wanga umanditembenukira ndekha. Ndinali ndi mimba ya miyezi isanu, amuna anga ali pakhomo osagwira ntchito. Zimenezi ndadziuza zaka zambirimbiri ndipo sizinandithandizepo kugona bwino. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ine ndinali kuchipinda chinacho, ndikutaipa makalata. A Kaboni sanandiyang'ane. Anangovula magalasi n'kuwapukuta ndi mpango.

Masana omwewo bwana anandipatsa kalata yolemba pamanja kuti nditaipe. Inali yochotsa a Kaboni ntchito chifukwa cha kusasamala, kudumpha mayina asanu ndi awiri, ndi kuseweretsa makina a ofesi. Ndinaitaipa. Nditamaliza ndinafuna kuthamanga nayo kwa bwana, koma a Kaboni, amene ankalongedza za mudirowa mwawo m'katoni, anatambasula dzanja.

"Sitinawerengerane."

"Achemwali, chonde."

"Bweretsa kuno. Muno simutuluka pepala losawerengerana."

Anagwira pepala la bwana, ine ndinawerenga langa mokweza. Ndinawerenga mawu oti kusasamala, iwo chala chili pamzere, osaphethira. Nditafika pa ndime yachiwiri anandiimitsa. Ndinali nditadumpha liwu limodzi. Anandiuza kuti ndiyambirenso pa pepala latsopano, ndipo ndiike kaboni watsopano chifukwa winayo anali atatha mphamvu. Ndinataipanso, tinawerengerananso mpaka kumapeto, anagwedeza mutu kuti tsopano ili bwino. Anatenga katoni yawo n'kutuluka, osatsanzika munthu kupatula bambo wowotcherera uja, amene anabweranso kudzakhala pabenchi paja.

Sabata yomweyo Wachikwama anadzitsekera m'kachipinda kaja tsiku lathunthu. Moni wa bwana unabwerera, ndipo kuyambira pamenepo palibe dzina limene linasowanso. Mukuganiza anthu anati chiyani? Anati onani, chichokereni mayi uja zinthu zili bwino. Bwana ankanena zimenezi pamisonkhano, anthu n'kumavomera, inenso ndili pomwepo ndikulemba zokambirana. Madisiki atatu aja ndinawaona tsiku lina akusuzumira m'chikwama chija.

Ndi kalata yotero palibe ofesi imene ikanawalemba ntchito. A Kaboni anagula makina akale otaipira n'kukhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi positi ofesi, kumataipira anthu makalata ofunsira ntchito. Anakhala pamenepo mpaka maso anafooka. Ine ndinkadzera msewu wina wautali kuti ndisadutsepo, ndipo zimenezi ndinachita zaka khumi ndi chimodzi.

Atamwalira, mwana wawo wamkazi anandibweretsera envelopu imene mayi ake analembapo kuti ndi yanga. Munali kope ya mizere isanu ndi umodzi ija, kope ya malo asanu ndi awiri amene nambala inalumpha, ndi kalata yowachotsa ntchito, yopindidwa bwino. Munalibe mawu ena alionse. Ndinaiwerenga kalatayo ndekha mokweza, mwina n'kupezamo cholakwa, koma mulibe ngakhale chimodzi. Pansi pake kumanzere, monga tinkachitira otaipa tonse, pali zilembo ziwiri zoyamba za dzina la amene anaitaipa. Ndi zanga.