Agogo Sankabweza Buku Lopanda Kanthu

Ndikati ndiwakumbukire agogo anga aNachisale, nkhope yawo imachedwa kufika. Chimene chimatsogola ndi fungo la mtedza ukukazingidwa pa kasitovu kamagetsi, utsi wake wopyapyala ukuzungulira m'chipinda chathu cha pa nsanjika yachisanu ndi chiwiri ku Joubert Park, kusakanikirana ndi fungo la sopo wa zovala zoyanikidwa pawindo, kwinaku pansi pamsewu matekisi akuliza mahutala osapuma. Ankakazinga Lachisanu masana ataimirira, dzanja lina lili m'chiuno, lina likutakasa ndi supuni yomwe inapindika kalekale. Ndikatambasula dzanja, supuni yomweyo inkagwera pa zala zanga.

"Si wako uwu. Ngwa mayi wa mabuku."

Agogowa sanali munthu wa nthano. Anagulitsa tomato pa msika wa Lunzu moyo wawo wonse, ndipo chilichonse ankachiona ngati tomato: kuchitembenuza, kuchidina ndi chala, kenako kunena poyera pamene chavunda. Anabwera ku Joni ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi atapeza ntchito ya m'nyumba yogonera komweko, yowalola kubwera kwathu Lamlungu lokha. Milungu itatu agogo asanafike ndinkagona ndekha, kiyi ali m'khosi, mayi wa khomo loyandikana akungogogoda kufunsa ngati ndadya. Palibe chimene ndinkaopa kuposa kubwerera ku moyo umenewo.

Mantha angawo sanali achabe, chifukwa ku Joni sikunawakomere agogo. Lifiti ya fulati yathu inafa kalekale, masitepe ankawapweteka mawondo, ndipo anthu a m'makhonde ankadutsana osapatsana moni. Chikwama chawo chachikulu cha mizeremizere sanachimasule chonse. Chinangokhala pamwamba pa wadirobu, ndipo Lamlungu lililonse ankauza mayi kuti, "Mwezi ukatha ine ndikupita. Mwana wakoyu uona wekha chochita naye." Ine Chichewa changa chinali chotsimphina, chodzaza Chizulu ndi Chingerezi, moti ngakhale kuwapempha kuti asapite ndinkalephera kupempha bwino.

Ku laibulale tinapita chifukwa cha sukulu. Aphunzitsi analamula kuti aliyense akalembetse, ndipo mwana ankayenera kupita ndi munthu wamkulu. Ndinawakoka agogo Loweruka lina, iwo akung'ung'udza njira yonse pakati pa ogulitsa zipeso, masokosi ndi chimanga chootcha. Titalowa, phokoso lonse linatsala pakhomo. M'kati munali zii, mozizira bwino, mukumveka polishi ndi mapepala akale. Agogo anapeza mpando wofewa, nakhala, navula nsapato ngati afika kwawo.

Pakauntala panali mayi wina wa Chizulu, wamfupi, wamagalasi omangirira chingwe, amene aliyense ankamutcha Sisi Nomsa. Atandipatsa khadi langa anasuzumira kumene kunali agogo.

"UGogo yena uthandani?" anandifunsa, kutanthauza kuti nanga agogo amakonda chiyani.

Nditamasulira, agogo anayankha osatembenuka. "Umuuze kuti sindiwerenga, ndipo sindinabwere kudzagula kanthu."

Sisi Nomsa anaseka, nati pano palibe chogulitsa, zonse n'zobwereka. Anawayang'anitsitsa agogo, manja awo okhakhala ndi mapazi awo ong'aluka, kenako analowa pakati pa mashelefu. Anabwerako ndi zinthu zitatu: buku lalikulu la zithunzi za minda ya ndiwo zamasamba, chimbale cha nyimbo za kwaya ya amayi, ndi chimbale cha filimu ya nkhalamba ina yoweta ngamila m'chipululu, momwe anthu sankalankhula zambiri.

Kunyumba tinali ndi kamakina koonetsera mafilimu komwe abwana a mayi anatopa nako. Agogo anaonera filimu ija kawiri, akumulangiza mkulu wa ngamilayo mokweza ngati akuwamva. Buku lija ankalitsegula m'mawa uliwonse pawindo, kunyowetsa chala ndi malovu, n'kumatsutsana ndi zithunzi. Lamlungu limenelo mayi anabwera, anadya, anapita, ndipo za ulendo sizinatchulidwe.

Tsiku lobweza ndi pamene mtedza unayamba. Kwathu mbale ikabwera ndi chakudya kuchokera kwa mnansi, sibwerera yopanda kanthu. Umaikamo kaya mazira awiri, kaya ufa pang'ono, bola isapite ili mbee. Agogo sanaone kusiyana kwa mbale ndi buku. Anaika zinthu zitatu zija pakauntala, pamwamba pake kajumbo ka mtedza wofunda. Sisi Nomsa anakana kawiri, kachitatu analandira, nathokoza m'Chizulu kuti, "Ngiyabonga, Gogo," n'kukabisa m'dirowa.

Miyezi inapita choncho. Uku kukupita mtedza, zitumbuwa, nthawi zina chigumu, uku kukubwera zimene Sisi Nomsa wawasungira pansi pa kauntala. Anawaphunzira agogo osamva ngakhale liwu lawo limodzi. Anadziwa kuti za mfuti safuna, zopsompsonana safuna, koma filimu imene anthu akugwira ntchito ndi manja, nyimbo za mawu a amayi ambiri, ndi mabuku a zithunzi za misika ya mayiko akutali. Nthawi zina ankaphonya. Tsiku lina anawapatsa chimbale cha munthu woimba lipenga yekha, ndipo agogo atamvetsera pang'ono anati, "Munthuyu akufunafuna nyimbo, koma sakuipeza." Komabe anachibweza ndi zitumbuwa zinayi.

Zinasokonekera Loweruka lina pamene bwana watsopano wa laibulale, bambo wamtali wa tayi, anaona kajumbo kakuwoloka kauntala. Sanakalipe. Anafotokoza mwaulemu kuti wantchito wa mzinda saloledwa kulandira mphatso kwa anthu amene akuwatumikira, chifukwa zimaoneka ngati ziphuphu, komanso chakudya chimaitana makoswe ndi mphemvu m'mabuku. Anati zikachitikanso Sisi Nomsa adzalembedwa kalata yochenjeza. Ine ndinamasulira zonse, ndikuyang'ana pansi.

Agogo anatenga kajumbo kawo, nakamanga pa nsonga ya chitenje, nasiya pakauntala zatsopano zimene anawasankhira tsiku limenelo. Mtedzawo anapatsa mlonda wa pageti la fulati yathu. Titakwera masitepe onse, atapuma, ndi pamene analankhula.

"Ine ndagulitsa tomato mpaka imvi, sindinapemphepo kwa munthu. Lero ndizitenga za eni n'kumabweza chimanjamanja ngati wopemphetsa? Ayi, zimenezo ayi."

Madzulo omwewo anakwera pampando n'kutsitsa chikwama chija. Masabata awiri sitinapite ku laibulale. Lamlungu anauza mayi kuti akafunse tsiku limene basi ya ku Blantyre imanyamuka. Ndinakalirira kubafa, nditatsegula mpope kuti asandimve. Ndinakwiyira bwana wa tayi, ndinakwiyira Sisi Nomsa, koma makamaka ndinakwiyira agogo ndi kunyada kwawoko, kumene panthawiyo ndinkaona ngati kuuma mutu chabe.

Lachitatu lotsatira ndinaswa lamulo la mayi loti ndisayende ndekha m'tauni. Nditaweruka kusukulu ndinalunjika ku laibulale, ndipo ndinamuuza Sisi Nomsa zonse, za mbale, za chikwama, za kiyi wa m'khosi, mamina ali chuchuchu. Anavula magalasi ake. Kenako analoza shelefu ina pafupi ndi khomo. Pamenepo antchito ankaikapo mabuku, nyimbo ndi mafilimu amene akufuna kuti anthu ayese, chilichonse chili ndi kakhadi kolembedwa pamanja konena ubwino wake. Theka la shelefuyo linali lopanda kanthu.

"Mtedza sindingalandirenso," anatero. "Koma shelefu iyi ili ndi njala, ndipo ife tatopa kulemba. Ukawauze Gogo kuti akamabweza chinthu, azibweza ndi mawu. Anene ngati chili chabwino kapena ayi, ndiponso amene chingamukomere. Zimenezo bwana sangakane, ndi iye amatikakamiza kulemba makhadiwa."

Anandipatsa makhadi osalemba, omanga ndi labala, pamodzi ndi zinthu zija agogo anasiya.

Kunyumba ndinayamba ndalandira zanga chifukwa choyenda ndekha. Atamaliza kundikalipira, agogo anatenga khadi limodzi, nalitembenuza uku ndi uku.

"Mawu? Mawu n'kanthu koti n'kuika m'mbale?"

"Akuti akuwasowa, agogo. Shelefu ilibe zinthu."

"Wanena yekha kuti akusowa?"

"Eya, wanena yekha."

Anayang'ana chikwama chawo pakona. "Ngati akusowa, ndiye nkhani ina. Tenga cholembera."

Kuyambira pamenepo Lachisanu masana linasanduka tsiku la makhadi. Agogo ankanena, ine n'kulemba Chichewa pamwamba, Chingerezi pansi. Ankandiuza kuti ndiwerenge mokweza zimene ndalemba, ndipo ndikapotoza liwu ankandibwezera mpaka lituluke bwino. Chichewa chimene ndikulembachi ndinachiphunzira pa tebulo limenelo. Ena mwa makhadiwo ndimawakumbukirabe. Pa buku lina la ulimi anati, "Zithunzi n'zokongola, koma tomato wake ndi wabodza. Tomato weniweni sakhala wofanana chonchi." Pa chimbale cha ng'oma ndi magitala anati, "Izi n'zabwino pochapa, osati podya." Pa filimu ina ya banja la asodzi anati, "Mwamunayu ndi waulesi. Onerani chifukwa cha mkazi wake, ndiye anayenera kukhala pachikuto." Pansi pake ndinkalemba dzina lawo, iwo n'kuikapo kamtanda ndi dzanja lawo.

Bwana wa tayi atawerenga la tomato lija anaseka mpaka kupukuta misozi. Zinthu zokhala ndi khadi la agogo sizinkagona pashelefu, makamaka zimene anazinyoza. Telala wina wa ku Machinga, amene analowa kudzangothawa mvula, anaona Chichewa pakhadi n'kufunsa kuti aNachisale ndi ndani, ndipo Loweruka lotsatira anabwera ndi ana ake awiri. Agogo ankalowa m'laibulale muja mutu uli m'mwamba, kukayendera shelefu yawo ngati benchi la pamsika. Chikwama chinabwerera pamwamba pa wadirobu, ndipo chinakhala pamenepo zaka zitatu.

Chimbale chomaliza Sisi Nomsa anachipereka mokayika, atachigwira kaye m'manja nthawi yaitali. Inali filimu ya dziko lakutali, la mapiri ozizira, m'chilankhulo chimene tonse sitinkachidziwa. Pachikuto panali mayi wokalamba atanyamula ndowa. Kumbuyo kwake ndinawerenga kuti ndi nkhani ya gogo wina amene anakhala zaka zambiri m'tauni kwa mwana wake, kenako ananyamuka kukaona nyumba yake yakale. Agogo ankaonera ine ndili kusukulu. Ndikalowa ankazimitsa.

"Iyi sikufuna womasulira," anatero nditafunsa.

Lachisanu linafika, khadi sanatchule. Tinakapempha ku laibulale kuti atiwonjezere masiku ena, kenako enanso. Lachisanu lachitatu anandiitana, atakhala pabedi, manja ali pamiyendo.

"Lemba. Filimu iyi ndi yabwino, ilibe povunda. Koma usaonere uli kutali ndi kwanu."

Ndinalemba, ndipo ndinamva zimene sananene. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndinkatha kuphika ndi kuchapa, ndipo mayi anali atapeza ntchito ya masana pa fakitale ina ku Kya Sand, akugona kunyumba tsiku lililonse. Agogo anali ataziona zonsezi kalekale, ankangodikira. Sindinawapemphe kuti akhale, ngakhale mtima unkandipweteka kwambiri. Mwezi utatha tinawaperekeza kokwerera basi. Anamwalira ku Lunzu patapita zaka ziwiri, m'nyumba mwawo.

Lero ndine mayi, ndimagwira ntchito pa famase yogulitsa mankhwala, ndipo Loweruka ndimapita ndi mwana wanga ku laibulale ya kufupi ndi kumene tikukhala. Buku lililonse ndimalibweza ndi kapepala m'kati, kaya alipo wokawerenga kaya palibe, ndipo mwana wanga amachita nane manyazi. Pamene laibulale yakale ija inkachotsa zimbale zimene anthu anasiya kubwereka, Sisi Nomsa anandisungira filimu ija, khadi la agogo lili momwemo. Ili m'dirowa ya pafupi ndi bedi langa.

Ine ndinabadwira ku Joni konkuno. Ku Lunzu ndinapitako kawiri kokha, ndipo kachiwiriko kunali kumaliro. Munthu akandifunsa kwathu, ndimayankha mosakayika kuti ndi kuno. Koma filimu ija sindinaionerebe.